Wodwala maganizo akachira: mmene banja lingadzikonzere kuti mtendere ukhazikike

Pakhomo pakakhala wodwala maganizo kwa chaka kapena ziwiri, banja limasintha kakhalidwe mosazindikira. Kiyi wa chipinda chosungiramo mapira amasamukira pamfundo ya chitenje cha mayi. Nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money amaidziwa ndi mwana woyamba. Ana aang'ono amangomva mmene bambo akukhwekhwerezera patapata pakhonde, adziwa kale ngati lero ndi tsiku loseka kapena lokagona msanga. Kenako thandizo limagwira. Munthu uja wayamba kugona tulo, akusamba osakakamizidwa, akufunsa ngati ng'ombe zamwa madzi. Aliyense amati basi mavuto atha, koma pofika mwezi wachiwiri kapena wachitatu m'nyumba mumabuka mikangano yomwe kale kunalibe. Walira mvula walira matope. Wochirayo akufuna malo ake, pomwe malowo muli kale anthu ena amene anawagwirizira movutikira.

Malangizo awa ndi a mabanja a kuno ku Chikwawa ndi Nsanje amene wachibale wawo wathandizidwa ndi uphungu kapena mankhwala: amene anali ndi matenda oganiza kwambiri ndi kukhumudwa, amene mantha a madzi osefukira anawakhazikika mumtima, amene asiya kachasu kapena chamba, ndi amene abwerako ku chipatala cha amisala ku Zomba.

Gawo 1: Dziwani dongosolo limene kuchira kumatsata

Kuchira sikubwera konse tsiku limodzi. Kwa wodwala matenda okhumudwa, nthawi zambiri kumayamba ndi tulo ndi chilakolako cha chakudya, kenako mphamvu za thupi, ndipo chisangalalo ndi chiyembekezo zimabwera pomalizira. Mankhwala monga amitriptyline ndi fluoxetine amatenga masabata 2 mpaka 4 kuti ayambe kuoneka ntchito yake, ena mpaka 6. Uphungu wa kucheza, monga uja wa Friendship Bench umene unayambira ku Zimbabwe, umatenga maulendo pafupifupi 6, ndipo phindu lake lenileni limaonekera kunyumba munthu akamayeserera zimene waphunzira.

Pali nyengo imodzi yofunika maso: mphamvu zikabwerera koma mtima ukadali wakuda. Munthu amene anali ndi maganizo odzipha koma analibe mphamvu yodzukira pamphasa, tsopano mphamvuyo ali nayo. Kuno timalima thonje, ndipo pafupifupi khomo lililonse lili ndi botolo la mankhwala opopera kapena a makoswe penapake m'nyumba. Atengeni onse mukawasungitse kwa mnansi wodalirika kapena muwakhomere m'bokosi, kiyi akhale ndi munthu mmodzi. Mapiritsi a amitriptyline nawonso ndi oopsa akamwedwa ambiri nthawi imodzi, choncho m'miyezi yoyamba wodwalayo azikhala ndi a sabata imodzi yokha, otsalawo asunge womusamalira. Kumufunsa munthu mwachindunji kuti "kodi maganizo odzipha aja amakubwereranibe?" sikumuika maganizowo m'mutu. Funsani modekha, muli awiri. Akavomera, musamusiye yekha ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Wosiya mowa ali ndi njira yakeyake. Amene ankamwa tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi amatha kunjenjemera, kukomoka ngati wakhunyu, kapena kuona zinthu zomwe palibe m'masiku 2 kapena 3 oyamba, ndipo izi ndi zothamangira nazo kuchipatala. Zikadutsa, kusowa tulo ndi kupsa mtima msanga kumapitirira kwa masabata angapo. Banja likapanda kudziwa zimenezi limayamba kunena kuti "bola muja ankamwa, ankasekako," ndipo mawu amenewa abwezera anthu ambiri kumowa.

Gawo 2: Gwirizanani za chinsinsi ndi za womusamalira

Zimene munthu amakamba ndi phungu wake ndi zake. Mkazi kapena mwamuna akamadikira pakhomo ndi funso loti "mwakandinenera chiyani lero?", mnzakeyo amasiya kupita kapena amayamba kubisa kwa phunguyo. Funso labwino ndi loti: "Pali chimene akuuzani kuti tikuthandizeni kuno kunyumba?" Wochirayo naye asangokhala chete ngati mwala. Chiganizo chimodzi chikwanira, monga "lero tinakamba za tulo, akuti ndizidzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse."

Sankhani gadiyani mmodzi, ndipo wochirayo avomereze yekha kuti akhale ameneyo. Ntchito yake ndi kukumbukira tsiku lobwerera kuchipatala, kusunga buku la kuchipatala pamalo ouma, ndi kumuperekeza ngati wafuna. Agadiyani akachuluka, wina amati imwani, wina amati siyani, ndipo wodwala amamvera amene walankhula komaliza.

Pamjigo ndi pamaliro anthu adzafunsa ndithu. Konzeranitu yankho limodzi la banja lonse, ana omwe: "Anadwala, akulandira thandizo, ali bwino tsopano." Osawonjezera.

Gawo 3: Khalani pansi ngati banja, koma mwadongosolo

Msonkhano woyamba uchitike munthu atakhazikika kwa masabata 3 kapena 4, osati tsiku lomwe watsika minibasi kuchokera ku Zomba. Sankhani m'mamawa kapena madzulo mutadya, kunja kutazizirako. Nkhani yolemera yokambidwa masana a mu Okutobala pansi pa malata imathera mkangano ngakhale pakati pa anthu okondana. Anthu asapitirire 5, nthawi isapitirire ola limodzi, ndipo pasakhale amene walawako mowa.

Oitanidwa amatengera mwambo wa banjalo. Kwa Amang'anja a chikamwini, mwamuna wochira amakhala pakati pa abale a mkazi wake, amene anaona zonse ndipo mwina anatopa naye kalekale. Pamenepa nkhoswe ya kuchimuna ikhalepo, kuti asaoneke ngati wazengedwa mlandu pamudzi pa eni. Kwa Asena, kumene mkazi amakakhala kwa mwamuna atamulowola, mkazi wochira ndiye amakhala yekha pakati pa apongozi ndi alamu, choncho pabwere wina wa kwawo. Anyakwawa asaitanidwe pa msonkhano uwu. Akangofika amfumu, kucheza kwasanduka bwalo.

Nkhani zikhale zitatu zokha. Choyamba, wochirayo anene chimene chamuthandiza ndi chimene chimamubwezera m'mbuyo. Chachiwiri, aliyense anene chinthu chimodzi chimene akuopa. Chachitatu, mugwirizane ntchito imodzi kapena ziwiri zimene wochirayo ayambe kugwira sabata ikubwerayi. Milandu yakale isalowe pano, ili ndi tsiku lake. Wina akaiyamba, wotsogolera angoti, "Alamu, imeneyo taimva ndipo sitiitaya, koma tiikambe Loweruka likubwerali." Lembani zimene mwagwirizana m'kope la sukulu. Ambiri amaseka za kulembazi, koma pakatha mwezi aliyense amakumbukira mbali yomukomera, ndipo kope lija ndi limene limathetsa makani. Muzikumananso pakatha masabata 2 aliwonse kwa miyezi itatu, ngakhale kwa mphindi 20 zokha.

Gawo 4: Bwezani ntchito ndi ndalama pang'onopang'ono

Apa ndi pamene mabanja ambiri amagwera, ndipo amagwera mbali ziwiri. Ena amamubwezera zonse tsiku limodzi: khasu, foni, ngongole, sukulu fizi ndi milandu ya pamudzi. Amalemedwa n'kudwalanso. Ena samubwezera kanthu. Amamukhazika pansi pa mtengo ngati mlendo, kumudyetsa, kumuletsa ngakhale kupita kumsika. Munthu wosapatsidwa ntchito pakhomo pake amadziona wopanda pake, ndipo kudziona wopanda pake ndi chakudya cha matenda omwe aja.

Yambani ndi ntchito zooneka mapeto ake tsiku lomwelo: kutsegulira mbuzi, kukonza mpanda wa khola, kuperekeza mwana kusukulu, kuphika ndiwo za madzulo. Zikayenda kwa masabata 2, onjezani ntchito ya kudimba kapena kumunda, maola 2 kapena 3 a m'mawa dzuwa lisanakwere. Ntchito yolembedwa, monga kudula nzimbe ku Nchalo kapena kupalasa kabaza, ibwere pambuyo, ndipo mufunse kaye achipatala ngati mankhwala ake amagonetsa. Wamankhwala ogonetsa sayenera kuyendetsa njinga yamoto kapena kupalasa bwato pa Shire mpaka thupi litazolowera. Ntchito ya usiku imasokoneza tulo, ndipo kwa amene anadwalapo misala kapena matenda osinthasintha mtima, kusagona ndi khomo lalikulu limene matenda amabwererera.

Ndalama zibwere pomalizira, ndipo zibwere m'magawo. Mwezi woyamba, wochirayo azipatsidwa ya ndiwo kapena ya kuchigayo ya tsiku limodzi, abwere ndi chenji ndi kufotokoza. Mwezi wachiwiri, agwire ya sabata. Mwezi wachitatu, mukhale pansi awiri kukonza bajeti ya mwezi wonse, foni ya ndalama ili pakati. Ngati vuto linali mowa kapena juga, nambala yachinsinsi ikhalebe ndi mnzakeyo kwa miyezi 6, koma wochirayo aziona uthenga uliwonse wa ndalama zolowa ndi zotuluka. Kumubisira kuti mufoni muli zingati ndi kumene kumabala mkwiyo, osati kusagwira foniyo. Ndipo izi zinenedwe poyera ngati pangano lokhala ndi tsiku lothera, lolembedwa m'kope muja. Mkazi anganene kuti, "Bambo a ana, foni ndisungabe mpaka tikolole mapira, tikatero tikhalenso pansi." Mawu oti "mpaka ndidzaone kuti mwasintha" alibe malire, ndipo munthu amatopa kuyesedwa mayeso opanda tsiku lotulukira zotsatira.

Masiku oopsa ndi a ndalama zambiri zobwera kamodzi: tsiku logulitsa thonje kapena chitowe, tsiku la malipiro, tsiku logawana ku banki m'khonde, tsiku logulitsa ng'ombe. Anzake akale amawadziwa masiku amenewa kuposa inu. Pitani awiri, ndipo mugwirizane musananyamuke kuti ndalamayo ikagwira ntchito yanji. Zinthu zikuluzikulu, monga kugulitsa ng'ombe zingapo, kutenga ngongole, kusamuka, kapena kuthetsa banja, zidikire miyezi 3 mpaka 6 ngati palibe nkhanza.

Ngongole za nthawi ya matenda zilembedwe zonse patsamba limodzi: kwa wogulitsa mowa, kugolosale, kwa wakatapira, kwa abale. Yambani kubweza yomwe imabereka chiwongoladzanja. Wochirayo akapereke yekha ndalama yoyamba, ngakhale yochepa, chifukwa kutero kumamubwezera nkhope pamudzi.

Gawo 5: Samalani amene anasenza zonse

Munthu amene amaiwalika ndi uja anagwira khomo. Kwa zaka ziwiri analima yekha, anagona maso, anapepesa anansi, anayenda ulendo wa kuchipatala kangapo. Nthawi yonseyo analibe mpata wokwiya chifukwa wodwala sakwiyiridwa. Mnzake akachira, mkwiyo uja ndi pamene umatuluka, ndipo anthu amadabwa: "Mayi awa bwanji, mwamuna wachira m'malo mothokoza akulusa?" Si nkhanza ayi. Ndi katundu amene wangopeza pomutulira. Ena m'malo mokwiya amayamba kudwaladwala, mutu, msana, kusowa tulo, mtima kuthamanga. Zikapitirira masabata 2, nayenso akaonane ndi achipatala payekha, osati ngati gadiyani.

Chinanso chimene sichinenedwa kawirikawiri ndi ichi: wosamalirayo anaphunzira zinthu ndipo zina anazikonda. Mayi amene anayamba kuoda nsomba ku Bangula n'kumagulitsa pamsika wadziwa kuti angathe kudyetsa ana ndi manja ake. Mwamuna akachira n'kunena kuti "geni ija isiyeni, ndabwerera," ndiye kuti wamulanda chinthu chomwe chinapulumutsa banja. Geniyo ipitirire. Banja lisayese kubwerera mmene linalili matenda asanabwere, chifukwa kawirikawiri kakhalidwe kakaleko kanali ndi mbali yake pa kudwalako.

Pa ana, yang'anani uja anasanduka kholo, amene nthawi zambiri amakhala mtsikana wamkulu. Ngati anasiya sukulu, kubwerera kwake kukhale nkhani yoyamba, ndipo kholo lochiralo likalankhule lokha ndi aphunzitsi aakulu. Muchotsereni ntchito imodzi imodzi ndi kumuthokoza pamaso pa anzake. Mukamulanda zonse mwadzidzidzi n'kumamuuza kuti "ndiwe mwana, khala chete," adzaona ngati zaka zake zija zapita pachabe, ndipo adzayamba mwano.

Gawo 6: "Ayi" wachilendo

Uphungu ukagwira, munthu amayamba kukana zinthu zimene kale ankangovomera. Mkamwini amene ankalima minda ya apongozi onse amati chaka chino ayamba wake. Mlongo wogwira ntchito amene ankatumiza ndalama kwa aliyense woliza foni amati mwezi uno alibe. Mtengwa amene ankatukwanidwa n'kungowerama amati, "Amayi, mawu amenewo amandipweteka." Abale amadabwa, ndipo mawu amene amatuluka ndi odziwika: achipatala amusokoneza, wayamba matama, wadyetsedwa, kapena matenda abwerera.

Nayi njira yosiyanitsira. Munthu amene akukana ali bwino amagona tulo, amadya, amafotokoza chifukwa chake modekha, amakana chinthu chimodzi koma zina akuchita, ndipo mawa lake mawu ake amakhala omwewo. Amene matenda akubwerera amasowa tulo masiku angapo osatopa, amalankhula mothamanga osalola kudulidwa, amakayikira aliyense, amakangana ndi anthu amene sanamulakwire, kapena amadzitsekera osadya. Woyambayo ndi wofunika kumumvetsera. Wachiwiriyo ndi wofunika kupita naye kuchipatala.

Pakhomo pakhale lamulo loti matenda asagwiritsidwe ntchito ngati chibonga pamkangano. "Mwamwa mankhwala anu lero?" likafunsidwa pakati pa kukangana za mchere, si funso la chikondi, ndi njira yomutsekera munthu pakamwa. Akamva zimenezi kawiri katatu amaleka kunena zakukhosi, kapena amataya mankhwalawo kuti aonetse kuti si wamisala. Za mankhwala azifunsa gadiyani yekha, pa nthawi yake yomwera.

Wochirayo nayenso ali ndi mbali yake, ndipo apa tisamunyengerere. Ena akathandizidwa amasanduka aphungu a pakhomo, kumauza aliyense vuto lake: amayi ndinu chonchi, achimwene muli ndi nkhawa, aphungu anati inu ndi amene mumandidwalitsa. Palibe amene amakonda kuyezedwa matenda ndi munthu yemwe dzulo lomweli ankamusambitsa. Kanani chinthu chimodzi pa nthawi, yambani ndi chaching'ono, sungani ulemu wa akulu, ndipo nenani chimene mungathe pamodzi ndi chimene simungathe: "Malume, ya feteleza sindikwanitsa, koma Lachiwiri ndibwera kudzakuthandizani kupalira." Kwa apongozi, nkhani yolemera idzere kwa ankhoswe monga mwa mwambo. Yembekezerani kuti abale adzakankha kwambiri poyamba kuti aone ngati mubwerere mwakale. Mukagwira mawu anu modekha kwa miyezi ingapo, ambiri amazolowera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Gawo 7: Kupepesa

Matenda amafotokoza chifukwa chimene munthu anachitira zinthu, koma bala la wolakwiridwa limakhalapobe. Tsiku la milandu yakale lija likafika, wolakwiridwa alankhule osadulidwa, ndipo wochirayo atchule chinthucho ndi dzina lake: "Ndinagulitsa njinga yako, ndinalakwa, ndidzakugulira ina tikagulitsa thonje." Kupepesa kwa "ngati ndinalakwira wina aliyense" sikufika pamtima pa munthu. Musakakamize wina kukhululuka tsiku lomwelo, ndipo nkhani imodzi pa tsiku ndi yokwanira. Zimene munthu ananena mutu utasokonezeka, monga kuloza agogo kuti ndi mfiti, zikonzedwe msanga ndi pamaso pa omwe anamva, chifukwa mawu otere amaika moyo wa nkhalamba pachiswe.

Ana auzidwe zoona m'mawu a msinkhu wawo: bambo anadwala matenda a maganizo, si chifukwa cha iwe, akumwa mankhwala, ukaona zachilendo ukauze azakhali. Mwana amene akuthawabe kholo lake asakokedwe. Kholo lizingopezeka pafupi, kusenda naye chimanga, kumukonzera galimoto ya mawaya. Amabwera yekha.

Gawo 8: Za kuchipinda

Mankhwala monga fluoxetine, haloperidol ndi chlorpromazine amatha kuchepetsa chilakolako kapena mphamvu ya kuchipinda. Banja likapanda kudziwa, wina amaganiza kuti mnzake ali ndi chibwenzi, ndipo wodwalayo amasiya mankhwala mwakachetechete. Nenani kwa dokotala kapena namwino wa matenda a maganizo. Amatha kusintha mlingo kapena mtundu, ndipo nkhani zotere amazimva tsiku ndi tsiku. Mayi amene akumwa carbamazepine adziwe kuti amafooketsa mapiritsi olera ndi kachipangizo ka pamkono, choncho auze a zakulera kuti amusankhire njira ina. Mankhwala a sodium valproate amatha kuvulaza mwana m'mimba. Ofuna mwana akambirane kaye ndi achipatala asanatenge pakati, osati kungosiya mankhwala okha.

Gawo 9: Mankhwala, kutentha ndi mapemphero

Chimene chimabwezera anthu ambiri m'mbuyo ndi kusiya mankhwala chifukwa akupeza bwino, ndipo kawirikawiri amene amalimbikitsa kusiyako ndi abale okondwa. Mankhwala a kukhumudwa amapitirizidwa kwa miyezi yosachepera 6 munthu atachira. A misala amapitirira chaka kapena kuposerapo, ena kwa zaka zambiri. Posiya amachepetsa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi achipatala. Amene amabayitsa jakisoni wa pamwezi, tsiku lake lilembedwe pakhoma ndipo ndalama ya ulendo isungidwe padera mwezi usanathe.

Chigwa chathu chimatentha kupyola madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Chlorpromazine, haloperidol ndi amitriptyline amasokoneza mmene thupi limadziziziritsira, ndipo chlorpromazine amapangitsanso khungu kupsa msanga ndi dzuwa. Womwa mankhwalawa azinyamula botolo la madzi, avale chipewa, aweruke kumunda dzuwa lisanafike pamutu, ndipo azidzuka pang'onopang'ono pamphasa chifukwa amachititsa chizungulire. Abale asamutche waulesi akaweruka msanga. Thupi likatentha kwambiri, minofu n'kuuma, munthu n'kusokonezeka, thamangirani kuchipatala. Khosi kapena lilime likapindika, kapena manja akamanjenjemera, mankhwala othetsa zimenezo alipo. Mapiritsi asasungidwe pazenera kapena pafupi ndi malata.

Za mapemphero sitilimbana nazo. Mpingo umamupatsa munthu anzake ndi pokhalira, ndipo kwaya kapena gulu la amayi ndi malo abwino oyambira kubwerera pagulu. Vuto limabwera pamene wina walamula kuti mankhwala atayidwe posonyeza chikhulupiriro, kapena kuti wodwala asale kudya ndi kuchezera usiku wonse kwa masiku angapo. Banja ligwirizane pasadakhale kuti kupemphera kulipo, mankhwala aliponso. Ngati agogo akuumirira za kwa sing'anga, chilichonse chomwa chikaonetsedwe kaye kwa achipatala.

Gawo 10: Pamene kuchira kwaulula nkhanza

Nthawi zina munthu amachira n'kuzindikira kuti chimene chinkamudwalitsa ndi kumenyedwa kapena kuopsezedwa m'nyumba momwemo. Apa malangizo a misonkhano ya banja sagwira ntchito, ndipo kuyamba kukana zinthu pamaso pa munthu wankhanza kumatha kuonjezera ngozi. Ayambe wapeza kothawira ndi munthu wodziwa nkhaniyo. Ku polisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit, paboma pali ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ndipo lamulo loteteza ku nkhanza za m'banja la 2006 limalola khoti kupereka chiletso choteteza wozunzidwa. Za ana, nambala yaulere ndi 116. Ankhoswe asabweze munthu kumene akumenyedwa chifukwa choopa kubweza chuma cha malowolo.

Gawo 11: Pangano la tsiku loipa

Nkhanga zinapangana kusanapse. Munthu ali bwino, khalani naye pansi mulembe tsamba limodzi. Anene yekha zizindikiro zitatu zimene zimayamba matenda ake akamabwera, chifukwa aliyense ali ndi zake: wina amasiya kupita kutchalitchi, wina amayatsa wailesi usiku wonse, wina amayamba kudzera njira ya kumowa "kungopereka moni". Lembani amene ali ndi chilolezo chomuuza akaona zizindikirozo, mawu amene adzagwiritse ntchito, chipatala chimene mudzapite, ndi kumene ndalama ya ulendo ili. Lembaninso zimene sakufuna kuti zidzachitike, monga kumangidwa ndi chingwe kapena kuitanirwa gulu la anthu. Kuterereka kamodzi, monga kumwa pa ukwati, si kugwa konse. Tsiku lotsatira bwererani pa sitepe ya m'mbuyo ya ndalama ndi ntchito, ndipo mufulumize tsiku lokaonana ndi phungu.

Kuno panganoli likhale ndi ndime ya madzi. Amene anaona madzi a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti msewu umaduka ndipo madera ngati Makhanga amafikika ndi bwato lokha. Pofika Disembala, pemphani achipatala ngati angakupatseni mankhwala opitirira mwezi umodzi, ndipo muwafotokozere kuti mumakhala kotani. Buku la kuchipatala ndi mapiritsi zikulungidwe m'majumbo awiri, ziikidwe m'chikwama chothawira pamodzi ndi ziphaso. Dzina la mankhwala ndi mlingo wake zilembedwenso papepala lina losunga gadiyani, kapena zijambulidwe pafoni. Mukafika pamsasa, uzani alangizi a zaumoyo tsiku loyamba lomwelo kuti pali womwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, musadikire kuti athe. Mvula yoyamba ikamagunda pamalata, amene anadwala ndi mantha a madzi amatha kusowa tulo kapena kulota zoopsa kwa masiku angapo ngakhale anachira bwinobwino. Mukhale naye, muyatse tochi, muone limodzi pamene madzi afika pa chikhomo choyezera madzi kumtsinje, ndipo zikapitirira masabata 2 mukaonane ndi phungu wake.